Makina Opanda Mano a Mayi Wailesi

Mayi Wailesi sankaopa khoswe, sankaopa mwininyumba, ndipo bingu likagunda ankaliyankha. Chimene ankaopa chinali mpando wa ndalema umene mwana wawo wamkazi anawagulira n'kuuika pakhonde. Unali mpando wabwino ndithu, wofewa, wotsamira, wa anthu amene ntchito inawathera m'manja. Mayiwo ankaulambalala ngati dzenje, ndipo ankayanikapo masokosi kuti mpandowo udziwe malo ake.

Anayamba kusoka ali mtsikana, pa makina opukusa ndi dzanja a azakhali awo. Kuchoka apo anakhala pakhonde la sitolo ya nsalu ndi makina opalasa ndi mapazi, mpaka anapeza kachipinda kawokawo kuseri kwa nyumba. M'kachipindako munadutsa mayunifolomu a sukulu, makatani, mazipi othyoka, ndi mathalauza a azibambo amene ankalumbira kuti thalauza ndi limene lachepa, osati mimba kukula. Msoko wa mayiwa unali wowongoka ngati wolemba ndi rula. Dzina la Wailesi analipeza chifukwa pakamwa pawo pankatseguka limodzi ndi chitseko cha kachipindako m'mawa n'kudzatsekeka madzulo, ndipo ngakhale atalumira mapini mbali imodzi ankalankhulabe ndi mbali inayo. Kusiyana kwake n'koti wailesi yeniyeni imatha mabatire.

Amuna awo anali dalaivala wa basi, munthu wamtali, wofatsa, woyenda ngati akuopa kupweteka nthaka. Mumsewu monse ankadziwika kuti a Ndamva, pakuti akazi awo akakhuthula mtanga wa mawu, iwo ankangobweza kuti, "Ndamva, mayi." Atasiya mabasi ankakhala pakhomo, kuthira mafuta maloko osavuta ndi kuthirira maluwa.

Koma ukalamba sugogoda. Maso a Mayi Wailesi anayamba kukangana ndi ulusi wakuda pa nsalu yakuda. Tsiku lina anatseka thumba la thalauza la mphunzitsi wina, ndipo mwini wake anazindikira ali pagulu, dzanja likukana kulowa. Tsiku linanso anapinda mwendo umodzi wa thalauza kawiri, winawo osaukhudza. Nkhani inam'peza mwana wawo, namwino wa pachipatala china chakutali, amene anatengera pakamwa pa mayi ake ndi kudekha kwa bambo ake, zinthu zoopsa zikakumana mwa munthu mmodzi.

"Amayi, mwasoka mokwana," anatero namwino atafika. "Tsekani kachipindaka, mukhale pansi."

"Ndikhale pansi ndadwala? Iwe ndinakulera ndi singano imeneyi, lero ukufuna undiyanike pakhonde ngati matiresi a mwana?"

Anakangana mpaka tiyi anazizira. Pamapeto pake namwinoyo anayang'ana matumba a zigamba amene anadzaza ngodya mpaka kudenga, tizidutswa timene mayi ake ankasunga kuyambira kalekale, ati tidzagwira ntchito. Ananena kuti kuli mayi wina amene akusamuka, ndipo ali ndi makina osokera zofunda za zigamba, okhala ndi nyali yowala kwambiri, osafuna kuyeza chiuno cha munthu aliyense. Mwini wakeyo anali atalola kuti wofuna ayambe wawayesa.

"Timvane pano," anatero namwino. "Ndikamabwera pa tchuthi changa ndidzapeze chofunda chimodzi cha bedi lalikulu, chotha, chooneka bwino pamwamba ndi pansi pomwe. Mukatero makinawo ndi anu, ndipo za mpando sindidzanenanso. Zikakanika, makina abwerera, kachipinda titseka. Adadi, ndinu mboni."

"Ndamva, mwanawe," anatero bambo ake.

"Chimodzi chokha?" anatero Mayi Wailesi. "Ukundiyesa ndani iwe?"

Makinawo anabwera pa lole, ndipo kuti alowe anachita kuzula chitseko. Linali tebulo lalikulu losalala, pakati pake pali mutu wa makina woyang'anizana ndi wosoka, ndi mkono wautali woti chofunda chonse chikulungidwe n'kulowa kukhwapa kwake. Mayi Wailesi anakhala pansi mwaulemu, anayatsa nyali, n'kupisa chala pansi pa singano, paja pamakhala timano tokoka nsalu. Panali see, ngati nkhama za khanda.

"Ha! Atipatsa makina ogweluka mano!"

"Ndi mmene alili, mayi," anatero mwini makina, amene anabwera nawo kudzawasonyeza. "Awa sakoka nsalu, ntchito yawo ndi kubaya basi. Nsalu mumayendetsa ndinu, kumanja, kumanzere, kutsogolo, kumbuyo, kulikonse mwafuna. Zili ngati kujambula, koma pensulo yaima, likuyenda ndi pepala. Phazi ndi manja zizimvana. Phazi likathamanga manja akuchedwa, ulusi uunjikana pamodzi. Manja akathamanga, singano ilumpha, msoko ukhala woti chala cha kuphazi n'kukolamo. Ndipo mapewa muziwamasula."

Anawasiyira magolovesi a timadontho ta mphira ogwirira nsalu, n'kumapita. Mayi Wailesi anaseka. Anasoka masuti iwo, lero aphunzitsidwe kukhotetsa msoko? Kukhotetsa ndiye amachita ophunzira osauzidwa ndi munthu.

Kulumikiza zigamba kunali masewera, chifukwa anachita pa makina awo akale, mizere yowongoka yokhayokha. Atatha anayala pansi pabalaza nsalu ya kunsi, pamwamba pake thonje, pamwamba penipeni zigamba zija, n'kumanga zonse ndi mapini a thewera. Masiku amenewo a Ndamva ankapita kuchipinda motsatira khoma ngati buluzi.

Mavuto anayamba atakhala pa makina atsopano. Nzeru anali nazo, anayamba ndi tizidutswa toyeserera. Anavala magolovesi, anaponda chopondera, makina anati tatatata, ndipo manja amene moyo wonse ankangoperekeza nsalu anasowa kolowera. Anafuna duwa, panatuluka phazi la bakha. Anafuna tsamba, panatuluka chinthu chimene a Ndamva atachiyang'ana nthawi yaitali anati chikufanana ndi msewu wina umene anagwerapo ndi basi. Tsiku limene pamwamba panaoneka bwinoko, atatembenuza anapeza kunsi kuli ndevu za ulusi zokhazokha. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Choopsa kwambiri chinali china. Pa makinawa Mayi Wailesi ankakhala chete. Mapewa ankakwera mpaka m'makutu, lilime linkatuluka pambali, maso tuzu pa singano, mpweya ataugwira ngati munthu womira. Ankamasuka pokhapokha ulusi ukaduka, ali wefuwefu. Msewu wonse unati zii. Mayi woyandikana nawo anabwera ndi nkhope ya kuchipatala, kudzafunsa a Ndamva monong'ona ngati mayi agonekedwa.

Masabata anapita. Lezala yomasulira ulusi inagwira ntchito kuposa singano. Madzulo potseka kachipinda mayiwo ankaponya diso pakhonde, mpando uja uli tambalale kuwadikira, ndipo mtima unkawawawa zenizeni. Ankaopa. Sankadziwa kuti iwo ndi ndani ngati sakusoka.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, mayi," anatero a Ndamva tsiku lina.

"Nkhono yanuyo ili ndi mwana namwino?"

Nthawi itaonetsa kuti ithadi, anaika chofunda chenichenicho pa makina, kuti chimene chichitike chichitike. Anayambira pakati, monga anauzidwa. Singano itangobaya kangapo, a Ndamva analowa ndi tiyi, anayang'ana uku ndi uku kusowa poika, n'kukhazika kapu yodontha pa ngodya ya chofunda, pa chigamba choyera mbee.

Abale inu! Damu linaphulika. Mawu a masabata onse aja anatulukira pamodzi. Anayamba ndi kapuyo, anapita ku makapu ena onse amene bamboyo anasiyapo pamalo olakwika, anakhotera ku supuni zotayika, n'kubwereranso ku kapu. Phazi anaiwala kulichotsa pa chopondera. Manja, posowa wowayang'anira, anangoyenda okha. A Ndamva anainyamulanso kapu ija n'kuima chilili, mutu ataupendeketsa ngati akumvetsera injini.

Ulusi wa kunsi utatha m'bobini, makina ndi mayi anaima limodzi. Atayang'ana pansi, kukamwa kunangoti yasa. Pakati pa chofunda panali mizere yozungulira bwinobwino, yotsatana ngati madzi ukaponyamo mwala, msoko uliwonse wofanana ndi unzake. Anatembenuza. Kunsi kunali koyera, kopanda ndevu ngakhale imodzi.

"Mwaona?" anatero. "Ndimadziwa ine kuti ndi nkhani ya kuzolowera."

Kutacha anakhalanso pa makina ali chete, ndipo phazi la bakha linabweranso. Masana a Ndamva anaiwala kutseka mpopi, mayi anakalipa kudzera pawindo phazi lili pa chopondera, ndipo panatuluka masamba okongola ngati osindikiza. Mayi Wailesi sanali wopusa. Anaona kuti pakamwa pakamayenda mpweya umayenda, mapewa amatsika, manja n'kumasuka. Anayesa kuimba, koma ankasamala mawu a nyimbo n'kuiwala nsalu. Anayesa kukalipira makinawo, koma chitsulo sichichita manyazi. Pankafunika munthu, wolakwa, ali pafupi.

Anatenga kampando n'kukaika pambali pa tebulo.

"Bambo, khalani apa."

"Ndalakwa chiyani, mayi?"

"Khalani kaye, ndikumbukira."

Ntchito inayenda ngati basi ya pa msewu watala. M'mawa uliwonse a Ndamva ankasamba, kuvala malaya aukhondo, n'kukakhala pa kampando kawo, manja pamaondo. Mayi ankavala magolovesi n'kutsegula mlandu. Posakhalitsa anazindikira kuti mlandu uliwonse uli ndi maluwa ake. Nsapato zosiyidwa pakhomo zinkabala mizere yozungulira. Mkonono wa bamboyo unkabala mafunde ataliatali. Nkhani ya alamu awo, amene anabwereka ambulera n'kubweza chogwirira chokha, inkabala nsonga zakuthwa ngati malawi a moto, ndipo pa zigamba zofiira ankaisankha dala. Mayi woyandikana nawo uja anauza anthu kuti odwala achira.

Koma a Ndamva anali munthu wosalakwalakwa, ndilo linali tsoka lake. Milandu ya sabata imeneyo inatha. Ya chaka chatha inatha. Mayi anakumba mpaka ya nthawi imene ankafunsirana, tsiku limene bamboyo anabwera atavala masokosi osiyana. Anayesa kubwereza yakale, koma mlandu wobwereza uli ngati tiyi wotenthetsa, mtundu ulipo koma mphamvu palibe. Mizere inayambanso kunjenjemera chofunda chisanafike ndi theka lomwe.

Ndiye mwadzidzidzi bambo uja anasintha. Tawulo lonyowa linayamba kupezeka pabedi. Mchere unalowa m'chitini cha shuga. Mphika unapsa pamoto iwo ataima pomwepo. Tsiku lililonse kunkacha ndi mlandu watsopano, wonenepa. Mayi Wailesi ankadandaula kwa aliyense kuti amuna awo akalamba moipa, koma mumtima ankathokoza mwayi wawo. Chofunda chinakula, chinalemera, chinayamba kulendewera kumbali kwa tebulo, mpaka panatsala mkombero wokha wa m'mphepete.

Kutatsala tsiku limodzi kuti namwino afike, mayi anadzuka kukafuna ulusi pa alumali ya pawindo. Anaona amuna awo akuchokera kugeti, nsapato zili mbee, zopolisha. Bamboyo anafika pakhomo, anaima, anayang'ana nsapatozo ngati wakumbukira kanthu. Anabwerera mpaka pampopi, pamene pamakhala matope. Anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere, monga dalaivala wodziwa ntchito. Kenako anaponda matopewo mosamala, phazi limodzi, kenako linzake, n'kutembenuza chidendene kuti amatirire bwino. Atakhutira anauyamba wa kunyumba, nkhope ili ngati ya munthu wopita kukabayitsa jekeseni.

Mayi Wailesi anakhala pansi, ulusi uli m'manja. Munthu ameneyu ankadana ndi matope kuposa chilichonse, basi yake ankaikolopa yekha. Anachita manyazi. Anamva chisoni. Ndipo anamva chikondi chachikulu, chimene chinawasowetsa mtendere chifukwa pa ntchito imeneyi chinalibe phindu.

A Ndamva analowa, anadinda mapazi a matope pasimenti mpaka pa kampando, n'kukhala, kudikira.

Mayi anavala magolovesi. Anatsegula pakamwa.

"Bambo, matope awa..."

"Eya, mayi," anatero bamboyo mowalimbikitsa.

"Matope awa... si abwino."

Basi, mawu anathera pomwepo. Ungamukalipire bwanji munthu amene wadzidetsa chifukwa cha iwe? Anayesa kudzikwiyitsa, anakumbukira ambulera ija, koma mkwiyo unali utafa. Mapewa anakwera, singano inalumpha, ulusi unaduka. Tsiku lonse linathera pa lezala, ndipo mkombero unakhala wosasoka.

M'mawa mwake namwino anaimba foni kuti ali m'njira. Mwini makina anali atamuuza kuti nyumba akupereka sabata lomwelo, choncho akubwera ndi lole, kuti ngati zakanika anyamuliretu. Mayi Wailesi anaika foni pansi osayankha, chinthu chimene sichinachitikepo. Anakhala pa makina, manja pa chofunda, maso ali pa singano yoima.

A Ndamva anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako anadzuka, anapita pa msomali wa pakhoma, n'kutsitsa sizasi yodulira nsalu. Aliyense amene anakhalapo m'nyumba ya telala akudziwa kuti sizasi imeneyo sikhudzidwa. Mwana akhoza kuswa galasi, mlendo akhoza kutentha katani, zonsezo zimakhululukidwa, koma osati kudula pepala ndi sizasi ya nsalu. Bamboyo anatulutsa waya m'thumba. Thukuta linali pamphumi. Anaika wayayo pakati pa sizasi, anatsinzina, n'kufinya. Kunamveka kuti khetche.

Mayi Wailesi anaona sizasi yawo itachita chibowo. Anaona nkhope ya amuna awo. Phazi linatsika lokha pa chopondera.

"Munthu wanji inu?" anakuwa. "Ndinu munthu wanji? Kuwononga sizasi yanga kuti ine ndipeze chonena! Mukuyesa sindinakuoneni dzulo pampopi, mukuvina m'matope ngati bakha? Anakutumani ndani? Ndipo si lero lokha ayi, khalidwe limeneli munayamba kale! Ndani anakuuzani kuti muzidzuka m'mamawa kunditenthetsera madzi? Ndinakupemphani ine? Nthawi ija msana unandigwira, ndani anakuuzani kusenza makina anga pamutu mpaka kusitolo, dalaivala wamkulu, anzanu akukusekani pa depoti?"

Makina anali kulira mofanana, tatatata, osathamanga, osachedwa. Chofunda chinkayenda pansi pa magolovesi ngati chopepuka.

"Malaya oyamba amene ndinakusokerani, kolala inapotoka, ndinaiona ine ndi maso angawa! Munawavala mpaka kung'ambika, n'kumauza anthu kuti ndi sitayilo! Mwana uja atadwala, munayenda naye pamsana kupita kuchipatala, pobwera n'kundinamiza kuti munakwera galimoto, mapazi ali matuza okhaokha! Mumayesa sindimaona? Nyama yabwino mumakankhira mbali yanga ya mbale, n'kumati mano akukuvutani, pamene mano anu ndi athunthu kuposa a makina anga akale! Zaka zonsezi kundipirira, osandiyankha ngakhale tsiku limodzi, kuti ine ndizioneka woipa ndekha! Nkhanza zimenezo, bambo! Ndikanakwatiwa ndi wina bwenzi atandithawa kalekale, ine n'kupeza mtendere, koma inu ayi, kakaka pambali panga! Nanga mukadzatsogola, ine ndidzatani? Mwaganizapo zimenezo? Simunaganize, chifukwa ndinu odzikonda!"

Misozi inali kutsika, koma analibe dzanja loipukutira. M'mphepete mwa chofunda munkamera mizere imene sanasokepo chiyambire, yopindika mofatsa, ina kulowa mwa inzake, kutuluka, n'kukumananso patsogolo.

Lole inaima pageti phokosolo lili pachimake. Namwino analimva asanatsike, ndipo anathamangira kuseri kwa nyumba nkhope itakwinyika, mawu ali okonzeka. Anakankha chitseko.

"Amayi! Adadi muwapha ndi..."

Palibe anamutembenukira. Anaima pakhomo, chikwama chili paphewa, n'kumva mayi ake akuzenga bambo ake mlandu wogulitsa wotchi yawo kuti mwana apite kusukulu ya unamwino, n'kunama kuti inagwera m'ngalande. Nkhani imeneyo iye sankaidziwa. Pakamwa pake panatsekeka pang'onopang'ono. Anasendera pafupi, anagwira ngodya ya chofunda imene inkalendewera, anaiyang'ana pamwamba, anaitembenuza, anasisita kunsi kwake ndi chala. Kunali kosalala. Singano inali itakhota kale ngodya yachitatu.

Bambo ake anali pa kampando, sizasi yowonongeka ili pamiyendo, maso ali ofiira, akuyang'ana pansi ngati mwana wogwidwa akuba shuga. Namwino anawerama n'kuwanong'oneza.

"Adadi, tiyeni panja pang'ono, mukapitidwe mphepo."

A Ndamva anapukusa mutu, anafwenthera m'kampango, n'kumukankha pang'ono ndi chigongono kuti asawatchingire.

"Pita wekha, mwanawe. Ukawauze a lole aja abwerere. Sukuona kuti mayi ako sanamalize kundikalipira?"